Buleki, dancer kapena load cell: njira zokungira pulasitiki pa makina okulunga mipukutu

Mipukutu isanu ndi umodzi inabwezedwa tsiku limodzi. Inali ya pulasitiki yopyapyala yotchedwa BOPP, yosindikiza kale, yoti azikapakiramo mabisiketi, ndipo potuluka pa fakitale yathu ku Makata inali yooneka bwino, m'mbali mwake muli see ngati modula ndi lumo. Kasitomala atangoikweza pa makina ake, mkati mwa mpukutu munasololoka n'kutulukira mbali imodzi ngati nyanga. Nthawi imeneyo ndinali ndisanathe chaka pa ntchito yokonza makina. Abwana anangondilozera mipukutuyo n'kunena kuti ndipeze pomwe palakwika.

Ndinapita kwa mkulu amene ankayendetsa makina okulungira (omasula mpukutu waukulu kumbuyo n'kuukulunganso kutsogolo), amene tonse tinkangowaitana kuti Madala. Anandimvetsera mpaka nditamaliza, kenako anayandikira pulasitiki n'kuigogoda ndi chikhatho, monga amachitira woimba ng'oma akangoichotsa pamoto.

"Wamva, mwanawe? Apa yakungika bwino."

"Nanga Madala, mpukutu wa kumbuyowu ukatsala pang'ono kutha, imalirabe chonchi?"

"Imakweza mawu. Ndiye ndimabweza mpweya wa buleki."

"Mumabweza kangati?"

"Ndikaimva."

Khutu la Madala linali labwino, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza. Koma iwo ankayang'aniranso mipeni, kusenza mipukutu yotha ndi kulemba malebulo. Vuto lonse la kukungika lagona pa chinthu chimodzi chimene sichidikira munthu: mpukutu umasintha kukula makina akuyenda. Njira iliyonse imene ndifotokoze pano ndi yankho la vuto limeneli, ndipo kusiyana kwake kuli pa amene akuona kusinthako ndi changu chimene akuyankhira.

Samu yochepa imene imafotokoza zambiri

Tengani mpukutu wa BOPP yokhuthala ma micron 20 (micron ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a milimita), mita imodzi m'lifupi, dayamita yake mamilimita 800, wokulungidwa pa core (paipi ya katoni ya pakati pa mpukutu) imene kunja kwake ndi mamilimita pafupifupi 90. Mpukutu wotere umalemera makilogalamu cha m'ma 450 ndipo muli pulasitiki yotalika makilomita pafupifupi 25. Pa liwiro la mamita 200 pa mphindi, umatha m'maola awiri ndi mphindi zochepa.

Buleki sigwira pulasitiki, imagwira shafiti. Mphamvu imene imagwira nayo, imene amisiri amati torque, ndi kukungika kuchulukitsa ndi theka la dayamita. Ngati mukufuna kukungika kwa ma newton 150 (newton ndi muyeso wa mphamvu), mpukutu uli wodzaza mufunika ma newton-mita 60. Ukafika pa core mufunika osakwana 7. Mukaisiya buleki pa 60 osaikhudza, pulasitiki imafika pa core ikukokedwa ndi ma newton oposa 1,300, pafupifupi kasanu ndi kanayi kuposa pomwe munayambira. Nthawi zambiri imaduka isanafike n'komwe.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti kusinthaku sikuyenda mofanana. Theka loyamba la pulasitiki likatha, dayamita imakhala itangotsika kuchoka pa 800 kufika cha m'ma 570. Ola lathunthu woyendetsa makina amaona ngati zonse zili bwino, mtima n'kukhala pansi. Koma gawo lomaliza la magawo khumi, mphindi khumi ndi ziwiri zokha, dayamita imagwa kuchoka pa 267 kufika pa 90, kukungika n'kukwera katatu. Ndi nthawi yomweyonso imene munthu amakhala akukonza mpukutu wotsatira.

Makina athu aja analibe marola opanikizana pakati, ndiye kukungika konse kunkachokera ku buleki ya kumbuyo. Mpukutu watsopano unkayamba wofewa mkati, n'kumalizira wolimba kunja. Kunja kolimbako kunakhala pa maziko a phala. N'chifukwa chake unasololoka.

Dzanja la munthu

Njira yoyamba ndi imene mafakitale ang'onoang'ono ambiri ali nayo: lamba wokulunga pa gudumu atapachikapo chitsulo, kapena buleki ya mpweya yokhala ndi regulator yopotokola ndi manja. Sindiinyoza. Siwonongeka kawirikawiri, ikawonongeka mumaikonza tsiku lomwelo, ndipo pa pepala lokhuthala la kraft loyenda pang'onopang'ono imagwira ntchito mokwanira, makamaka ngati mipukutu yake ndi yaing'ono. Mpukutu wa mamilimita 300 pa core ya 90 umangosintha katatu, osati kasanu ndi kanayi.

Koma pa pulasitiki yopyapyala kapena yosindikiza, musadzinamize. Kukungika kumayenda ngati mano a sowo: kukwera pang'onopang'ono, munthu n'kubweza, kugwa mwadzidzidzi, kuyambanso kukwera. Shifiti ya usiku imakunga mosiyana ndi ya masana. Komanso ndinene poyera, kugogoda pulasitiki ikuyenda pafupi ndi marola n'koopsa. Rola ikagwira chala sibweza.

Kuyeza dayamita osayeza pulasitiki

Njira yachiwiri imachotsa ntchitoyi m'manja mwa munthu popanda kuyeza kukungika kwa pulasitiki. Mumaika sensa ya ultrasonic (yoyeza mtunda ndi mafunde a phokoso) yoloza pa mpukutu, kapena kamkono kokhala ndi kagudumu kotsamira pa mpukutuwo, kapena makina amawerengera okha dayamita poyerekeza liwiro la pulasitiki ndi kuzungulira kwa shafiti. Dayamita ikatsika, mphamvu ya buleki imatsika nayo limodzi.

Ndimaikonda njira iyi chifukwa ndi yodekha. Popeza siyang'ana zotsatira zake, siyambitsa kugwedezeka kwa kukoka-n'kusiya kumene kumavutitsa njira zapamwamba zikapanda kutcheredwa bwino. Mtengo wake ndi wofikirika ndipo kuiika pa makina akale sikufuna kusintha njira imene pulasitiki imadutsa. Gawo lalikulu la vuto lija la kasanu ndi kanayi limatha tsiku lomwelo.

Kufooka kwake n'kwakuti imakhulupirira buleki. Imalamula ma newton-mita 30, n'kuganiza kuti zachitika. Ngati mapadi atentha, atha kapena adontheredwa mafuta, iyo sidziwa. Bearing ikayamba kulimba, sidziwa. Sensa ya ultrasonic nayo imasokonezeka ikayang'ana mopendekeka kapena mpweya wa paipi yodontha ukamaomba patsogolo pake, ndipo kamkono kaja kangathe kukanda pulasitiki yosindikiza kapena ya metallised (yokutidwa ndi chitsulo chopyapyala chonyezimira). Pa katundu wopirira, monga pepala, laminate (mapepala kapena mapulasitiki omatidwa pamodzi) yokhuthala ndi matumba oluka, ndi yokwanira. Pa foyilo ndi pulasitiki yofewa ya PE yopyapyala ndi chiyambi chabe.

Dancer

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi chipangizo chimene anthu ambiri ali nacho koma sachimvetsa.

Dancer ndi rola yomangidwa pa mkono woyenda. Pulasitiki imatsika, kuizungulira, n'kukweranso, ndipo silinda ya mpweya imakankha mkonowo mbali imodzi pamene pulasitiki ikuukokera mbali ina. Dzinali analipereka chifukwa rolayo imakhala ikuvina makina akamayenda. Pa mkonopo pali sensa youza makina pomwe rola yafika. Ikakokedwa kupitirira pakati, buleki imamasula pang'ono. Ikabwerera mbali inayo, buleki imagwira.

Mfundo imene imasowa ndi iyi: chimene chimakunga pulasitiki si pomwe mkono waima, koma mpweya umene uli mu silinda. Ndaonapo anthu akulimbana ndi makina owongolera kuti akweze kukungika, pamene chofunika chinali kupotokola regulator ya silinda basi. Ngati mbali ziwiri za pulasitiki zikuyenda molunjikana, rola imanyamula kukungika kuwirikiza kawiri: ma newton 150 pa pulasitiki amafuna 300 pa rola.

Ubwino waukulu wa dancer n'kuti imasunga pulasitiki. Rola ikasuntha masentimita 10, yapereka kapena kumeza masentimita 20. Taganizirani mpukutu umene unagona pansi nthawi yaitali, kapena unagwetsedwa potsitsa m'kontena, n'kuphwatalala mbali imodzi. Ukamazungulira umakoka n'kusiya, kukoka n'kusiya, maulendo 80 pa mphindi uli wodzaza. Palibe buleki imene ingayankhe mwachangu chotero pa chinthu cholemera makilogalamu 450. Dancer imangomeza kugundako mwakachetechete. Chimodzimodzi polumikiza mpukutu watsopano makina akuyenda, kapena pa makina opakira ndi opanga majumbo amene amayenda moima-ima. Ife amene katundu wathu amadutsa ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, n'kuyenda masiku pa lole, mipukutu yophwatalala si nkhani yachilendo. Pa chifukwa chimenechi, ku mbali yomasulira ine ndimayamba ndaganiza za dancer.

Koma dancer imafuna mpweya waukhondo ndi silinda yoyenda mofewa. Silinda wamba ya mphira wolimba imamata, kenako n'kudumpha, ndipo kudumpha kulikonse kumalowa mu pulasitiki. Pamafunika silinda yopangidwira ntchito imeneyi, monga ya diaphragm, ndi regulator yotulutsa mpweya msanga mkono ukakankha chobwerera. Nyengo ya dzinja, kompuresa yopanda choumitsira mpweya imatumiza madzi m'mapaipi, dancer n'kuyamba kunjenjemera popanda chifukwa chooneka. Ndinataya sabata yathunthu ndikusintha manambala m'makina owongolera, mpaka Madala anandifunsa kuti, "Kodi thanki ya kompuresa unaikhetsa liti?" Munatuluka madzi odzaza ndowa yaing'ono.

Mkono wolemera nawonso ndi mdani: ukamachedwa kuyamba kuyenda ndi kuima, umawonjezera kugwedezeka m'malo mochepetsa. Ndipo dancer yokokedwa ndi sipuling'i musaidalire, chifukwa mphamvu ya sipuling'i imasintha ndi pomwe yafika. Chomaliza, dancer sikuuzani nambala. Mumadziwa mpweya umene mwaika, koma zimene pulasitiki ikumva pambuyo podutsa marola ena asanu, simudziwa.

Load cell

Load cell ndi sikelo. Imaikidwa kumapeto kwa rola yosayendetsedwa ndi mota, ndipo pulasitiki ikamakanikiza rolayo, kachitsulo ka mkati kamapindika pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso. Timawaya ta strain gauge tomatidwa pa kachitsuloko timasintha kupindikako kukhala magetsi. Luso limeneli si latsopano: Edward Simmons ndi Arthur Ruge analipeza aliyense payekha ku America cha mu 1938. Masiku ano makampani monga FMS ya ku Switzerland, Erhardt+Leimer ya ku Germany, Re ya ku Italy ndi Montalvo ya ku America amapanga zoyenera mipukutu.

Iyi ndiyo njira yokhayo imene imayeza chinthu chenicheni chimene mukufuna. Buleki ithe mapadi, mota itenthe, makina owongolera amaona kuti nambala yachoka pa 150 n'kuibwezera. Mukhoza kulemba pa kadi ya ntchito kuti katundu wakuti amayenda pa ma newton akuti, shifiti iliyonse n'kumatsata. Kasitomala akadandaula, muli ndi poyambira.

Walira mvula walira matope. Load cell imafuna kuti ngodya imene pulasitiki imazungulira rola isasinthe, choncho singaikidwe pa rola yoyandikana ndi mpukutu, pomwe ngodyayo imasintha mpukutu ukamakula. Payenera kukhala rola ina pakati. Waya wake ukadutsa limodzi ndi mawaya a inverter (chowongolera liwiro la mota), nambala imavina yokha. Munthu akaponda pa rolayo pokwera kukapukuta makina, mwina mwaitaya. Ambiri amagulanso yaikulu kwambiri poopa kuti ingathyoke, kenako n'kupeza kuti kukungika kwawo kukungogwiritsa kachigawo kakang'ono ka sikeloyo, ngati kuyeza mchere wa ndiwo pa sikelo ya matumba a chimanga.

Kuitchera sikovuta monga anthu amaopera. Makina atazimitsidwa ndi kukhomedwa, mumaika ziro popanda pulasitiki. Kenako mumadutsitsa chingwe pakati pa marola motsata njira yeniyeni ya pulasitiki, kumanga mbali imodzi, mbali inayo n'kupachika cholemera chodziwika. Ife tinkagwiritsa chigubu cha madzi cha malita 20 titachiyeza kaye pa sikelo. Makilogalamu 20 ndi ma newton pafupifupi 196. Ntchito ya theka la ola, koma pali makina ambiri amene chiwaikireni sanaonepo chingwe.

Chimene load cell singachite ndi kusunga pulasitiki. Mpukutu wophwatalala uja imauona bwino lomwe, nambala n'kumakwera ndi kutsika, koma ilibe pothawira. Mukayesa kufulumizitsa makina owongolera kuti athamangitsane ndi kugundako, mumangowonjezera moto. Choncho funso loti "dancer kapena load cell" ine ndimaliyankha chonchi: pomwe pali kugunda, kuima-ima ndi mipukutu yolemera yosazungulira bwino, dancer. Pomwe pulasitiki ikuyenda mosalala ndipo chofunika ndi nambala yeniyeni, monga pakati pa makina osindikizira, pa laminator (makina omata mapulasitiki awiri pamodzi) ndi ku mbali yokulungira, load cell. Makina abwino ambiri ali ndi zonse ziwiri, chilichonse pamalo pake.

Pakati pa makina: kusiyanitsa liwiro

Pakati pa marola awiri opanikizana oyendetsedwa ndi mota palibe dayamita yosintha, ndiye ambiri amangoyendetsa rola yachiwiri mofulumirapo pang'ono kuposa yoyamba. Amati draw. Ngati ndi yabwino kapena ayi zimatengera katundu.

LDPE (mtundu wofewa wa PE) ya ma micron 50, mita imodzi m'lifupi, mukaikoka ndi ma newton 100 imatanuka pafupifupi gawo limodzi pa 100. PET (pulasitiki yolimba) ya ma micron 12 pa mphamvu yomweyo imatanuka cha m'ma 0.2 pa 100. Foyilo ya aluminiyamu siitanuka n'komwe moti mungaone. Tsono pa LDPE, kusiyanitsa liwiro ndi 1 pa 100 n'kwabwino ndipo kulakwitsa pang'ono sikupweteka. Pa foyilo yofewa, 0.1 pa 100 yokha ndi yokwanira kuitanula mosabwerera kapena kuidula. Rola ya mphira ya mamilimita 200 ikapalidwa n'kuchepa ndi mamilimita 0.4, liwiro lake latsika kale ndi 0.2 pa 100 popanda aliyense kukhudza batani. Pa katundu wolimba, draw iyenera kukonzedwa ndi load cell.

Manambala omwewa akufotokoza madandaulo awiri amene timawamva kawirikawiri. Paketi ya mamilimita 300 yosindikizidwa pa LDPE itatanuka 1 pa 100 imabwerera n'kufupika ndi mamilimita atatu, ndipo makina a kasitomala amayamba kudula pakati pa chithunzi. Ndipo pa laminator, PE ikamatidwa itatanuka kwambiri kuposa PET, ikabwerera imakoka inzake, pepala lonse n'kupindika ngati tsamba louma. Kumeneko cholinga si kufananitsa mphamvu ya kukoka, koma kufananitsa kutanuka.

Chogwira shafiti

Njira zonsezi zimalamula chinachake, ndipo chinachakecho chili ndi khalidwe lake. Kutentha kumene buleki imameza ndi kukungika kuchulukitsa ndi liwiro: ma newton 150 pa mamita 200 pa mphindi ndi mawati 500, kuyambira mpukutu uli wodzaza mpaka kutha. Mukawirikiza liwiro, mwawirikiza kutentha.

Buleki ya ufa wa maginito, imene inachokera ku ntchito ya Jacob Rabinow ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndi yosalala ndi yaukhondo, ndipo mphamvu yake imatsata magetsi amene mwaipatsa. Imayenera makina ang'ono ndi apakati. Imadana ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo ufawo umatha mphamvu pakapita nthawi. Buleki ya mpweya imapirira kutentha kwambiri ndipo mungathe kuzimitsa mapadi ena mukamayendetsa katundu wopepuka, koma imatulutsa fumbi, chinthu chosafunika pafupi ndi mapaketi a chakudya. Mota yoyendetsedwa ndi drive (chipangizo cha magetsi chowongolera mota) imaposa zonse: imagwira, imathandizanso kukankha mpukutu wolemera poyamba kuti pulasitiki yopyapyala isanyamule katundu yense, ndipo mphamvu imene buleki ikanataya ngati kutentha ingathe kubwerera kukathandiza mota zina. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo khadi yake ikapsa mumadikira ndege.

Funsani wogulitsa funso limodzi limene kabuku kake mwina sikayankha: magetsi akathima mwadzidzidzi, mpukutu umatani? Buleki ya ufa ikasowa magetsi imamasula. Mota nayonso imasiya, pokhapokha ili ndi buleki ina yogwira ndi sipuling'i. Makina onse aima, koma makilogalamu 450 aja akuzungulirabe, akukhuthulira pulasitiki pansi mulu. Kwathu kuno zimenezi si zongoyerekeza, ndipo kabuleki kogwira kokha magetsi akachoka kamabweza ndalama zake msanga.

Ku mbali yokulungira

Kumasula mpukutu n'kungosunga nambala imodzi. Kukulunga ndi kumanga chinthu chimene chiyenera kupirira lole, sitolo yotentha ndi buleki ya kasitomala.

Pokulunga ndi shafiti, mota imazunguza core ndipo mphamvu yake imadutsa mu pulasitiki yonse ya mkati kuti ikafike kunja. Mukasunga torque yosasintha, kukungika kumatsika kasanu ndi kanayi, kunja n'kukhala lende. Mukasunga kukungika kosasintha, torque imakwera mpaka pulasitiki ya mkati imatha kuterereka, kapena kunja kumafinya mkati mpaka m'mbali mwa mpukutu muoneke mizere ngati nyenyezi. Njira ya pakati ndiyo taper: kuyamba molimba pa core, n'kumatsitsa pang'onopang'ono mpukutu ukamakula. Pa mapulasitiki ambiri anthu amayambira pa kutsitsa ndi 10 mpaka 30 pa 100, kenako n'kukonza poona mipukutu. Akatswiri anaiphunzira nkhaniyi mozama: Oklahoma State University inatsegula malo ofufuzira kayendetsedwe ka mipukutu mu 1986, ndipo mu 1987 Zbigniew Hakiel wa ku Kodak anafalitsa samu yowerengera kupanikizika kwa mkati mwa mpukutu imene ikugwiritsidwabe ntchito. Zimene anapeza zikugwirizana ndi zimene wokulunga aliyense wakale amadziwa, kuti maziko a mpukutu ndi mamita oyamba pa core.

Kuti mudziwe ngati mkati mukuterereka simufunika chipangizo. Imitsani makina mpukutu uli theka, jambulani mzere wowongoka ndi cholembera kuchokera pa core kupita kunja m'mbali mwake, n'kupitiriza. Mukamaliza, ngati mzerewo wapindika ngati mbedza, mkati mwayenda. Limbitsani poyambira kapena wonjezerani taper.

Kukulunga kotsamira pa ng'oma yoyendetsedwa ndi mota, kumene mpukutu umazunguzidwa kuchokera kunja, kumayenera pepala ndi mipukutu ikuluikulu, chifukwa liwiro la mota silisintha ndipo mkati simudutsa mphamvu. Koma kulimba kwa mpukutu kumadalira kupanikiza, ndiye pa katundu wosachedwa kukandika kapena wofuna kukulungidwa mofewa si njira yabwino. Makina ophatikiza ziwirizi amakupatsani zogwirira zambiri, pa mtengo wake.

Mpweya ndi mdani wina wobisika. Pulasitiki yosalala ikamathamanga imakoka mpweya n'kuukulungira mkati. Mpukutu umatuluka wooneka bwino, mawa mpweya utatuluka wafewa. Kuwonjezera kukoka kuti muufinye kumangotanula katundu. Yankho ndi rola yotsamira pa mpukutu pomwe pulasitiki ikulowera. PE yongotuluka kumene mu extruder (makina opanga pulasitikiyo) ili ndi vuto losiyana: imapitiriza kufupika kwa maola ambiri, ndiye mukaikulunga molimba mudzaipeza itaphwanya core kapena itamatirirana moti simasuka. Imeneyo ikulungeni mofewa kuposa momwe dzanja likukuuzirani.

Pa slitter (makina odula mpukutu kukhala mipukutu yochepa m'lifupi) pomwe mipukutu ingapo ikukulungidwa pa shafiti imodzi, pamabwera nkhani ya kukhuthala. Mu mpukutu wathu uja pulasitiki yasanjikizana maulendo oposa 17,000. Mbali imodzi ikangokhuthala ndi ma micron 0.2, pomaliza yatukuka mamilimita atatu ndi theka kuposa inzake. Pa shafiti wamba, mpukutu wokulawo umalanda kukoka konse, anzake n'kukhala ofewa. Shafiti ya differential, imene imalola core iliyonse kuterereka payokha, ndiyo imathetsa zimenezi, ngakhale imatulutsa fumbi la katoni ndipo imafuna ma core odulidwa bwino. Koma mzere wolimba wozungulira mpukutu, wochokera ku pulasitiki yokhuthala malo amodzi, palibe load cell kapena dancer imene ingauchotse. Umenewo ndi mlandu wa extruder.

Ndalama zikakhala zochepa

Ndikanakhala ndi makina akale ndi ndalama za chinthu chimodzi, sindikanayamba ndi makina owongolera. Ndikanazimitsa makina n'kuzunguza rola iliyonse ndi dzanja. Rola yolimba bearing imawonjezera kukoka kumene palibe anakulamula, ndipo rola yopendekeka imabweretsa makwinya amene anthu amathamangira kuwachotsa pokoka kwambiri, n'kuwononga zina. Ndikanaona ngati shafiti ndi yowongoka ndiponso ngati ikugwira core osaterereka. Zimenezi zimangofuna girisi, ma bearing ndi Loweruka limodzi.

Kenako ndikanagula load cell ndi kowonetsera nambala kokha, popanda kuilumikiza ku buleki. Woyendetsa makina akayamba kuona nambala, amabweza mpweya pa nthawi yake, ndipo inu mumadziwa kukula kwenikweni kwa vuto musanagule china. Safunsa anadya phula: wopanga pulasitiki amakhala ndi nambala ya kukungika imene amalangiza pa katundu wake, ndipo lamulo limene amisiri ambiri amatsata ndi kusapitirira gawo limodzi la magawo anayi a mphamvu imene katunduyo amayambira kutanuka mosabwerera. Pambuyo pake ndi pomwe mungasankhe: sensa ya dayamita ngati katundu ndi wopirira, dancer ngati mipukutu ikugunda kapena makina akuima-ima, kulumikiza load cell ku buleki ngati mukusindikiza kapena kumata. Posankha kampani, funsani kuti zida zosinthira zili kuti, chifukwa chipangizo chabwino chimene wogulitsa wake wapafupi ali ku Johannesburg chimafuna kuti musunge china pa shelefu.

Ife pa makina aja tinatsata ndondomeko yomweyi. Tinasintha ma bearing a marola atatu, tinaika load cell yowonetsa nambala, ndipo patapita miyezi tinawonjezera sensa ya dayamita ndi marola opanikizana pakati kuti mbali yokulungira ikhale ndi kukungika kwakekwake. Tsiku loyamba nambala itayaka, Madala anaima patsogolo pake mpukutu wonse, manja kumbuyo. Itafika mphindi khumi zomaliza, anaona nambala ikukwera mofulumira, anabweza mpweya kanayi motsatizana, kenako anatembenuka.

"Mwanawe, tabweretsa kadi ya ntchito ija. Tilembepo 150."